Windows ikuima pa 37% ndipo disiki ikulira, thandizeni

LOLEMBA

aNachisale (Domwe), 19:42
Madzulo abwino nonse. Ndine mphunzitsi kuno ku Domwe. Ndinalowa pagulu pano kalekale koma ndimangowerenga, lero zandifika pakhosi. Laputopu yanga inayamba kuchedwa nthawi yokolola. Ndikadina Excel ndimatha kuika madzi pa mbaula mpaka kuwira, iyo isanatsegule. Mwana wa achimwene anga anati ndi mavairasi, tiifomate. Dzulo anafufuta C, chigawo cha disiki chomwe mumakhala Windows, n'kuyamba kuika Windows 10 kuchokera pa fulashi. Ikafika pa 37% imaima nthawi yaitali, kenako imalemba 0x8007045D. Tayesa kanayi. Ulendo wachinayi ndinagunditsa khutu pafupi ndi kiyibodi, mbali ya kumanja, ndipo ndinamva kakulira kuti tiki, tiki, tiki, kenako zii, n'kuyambiranso.

Zonse zanga zili pa D, chigawo china cha disiki yomweyo. Muli ma pauta (mapepala a manotsi, kapena kuti malikisi, a ana) a ma turma (makalasi) atatu, monografia (kafukufuku womalizira maphunziro anga) yomwe ndalemba chaka chathunthu, ndi mawu a malemu bambo anga. Ndinawajambula mu 2021 akufotokoza mbiri ya banja lathu, mafayilo anayi. Anatisiya chaka chotsatira, ndipo foni yomwe ndinajambulira inatayika. Mawuwo kulibenso kwina. Mnyamatayu akuti tiyesenso kachisanu ndi Windows ina. Ndimulole?

aGama (Zobwe), 19:47
Pepani aphunzitsi. Nthawi zambiri imakhala fulashi. Auzeni atsitse ISO ina (fayilo yoikira Windows), aikonze ndi pulogalamu ya Rufus pa fulashi ina, aibaye pa bowo lina la USB. Ine zinandichitikirapo, nditasintha fulashi zinayenda bwinobwino.

aMbewe (Furankungo), 19:51
Ngati ndi disiki, ichotseni, muikulunge m'pulasitiki, igone mufiriji usiku umodzi. Mawa idzuka.

aZimba (Matundo, Tete), 19:53
Aphunzitsi, chonde zimitsani laputopuyo pompano. Chotsani chaja. Musayesenso kachisanu. Musaike mufiriji. Ndilemba bwino ndikatseka shopu, koma pakadali pano isayakenso.

aNachisale (Domwe), 19:55
Ndazimitsa, a Zimba. Mtima uli phaphapha.

aZimba (Matundo, Tete), 20:31
Ndafika pakhomo. Ndifotokoze chifukwa chake ndinakuwa choncho.

M'kati mwa disiki ya laputopu muli kambale kozungulira, kawirikawiri maulendo 5400 pa mphindi, ndiye kuti 90 pa sekondi imodzi. Pamwamba pake pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga. Kamutuko sikakhudza mbale, kamayandama pa mphepo, ndipo mpata wake ndi wochepa kwambiri moti tsitsi la munthu ndi chipika mukayerekeza. Kulira mwamvako ndi kamkonoko. Kakalephera kuwerenga penapake kamabwerera kukayambira pachiyambi, n'kulepheranso, n'kubwereranso. Fulashi silira, RAM silira. Chimene chimalira motero ndi disiki basi.

Tsopano taganizani zomwe kuika Windows kumachita. Kumalemba magigabaiti ambirimbiri pa mbale yomweyo mosapumira. Pa ntchito zonse zimene mungaipatse disiki yodwala, imeneyi ndi imodzi mwa zolemetsa. Mwaipatsa kanayi. Nkhokwe ikadyedwa mwendo ndi chiswe sitithiramo chimanga chatsopano, timayamba tatulutsa chakale chisanagwere m'matope. Maola amene disikiyo yatsala nawo, palibe amene akuwadziwa. Mwina 50, mwina awiri. Amenewo tiwagwiritse ntchito potulutsa mawu a bambo anu. Windows idikire, siithawa.

A Mbewe, za firijizo ndimazimva kwa makasitomala pafupifupi mwezi uliwonse. Disiki yozizira mukaitulutsa kunja kotentha imachita thukuta, ndipo chinyezi chimatha kufika pa mbale ndi pa bodi yake. Ndalandirapo ma disiki otere. Ena akanapulumuka akanapanda kugona mufiriji.

aMbewe (Furankungo), 20:36
Ine ndinangomva kwa anzanga, sindinayesepo. Ndabweza mawu anga. Aphunzitsi musatsate zanga zija.

Chifundo (ISPT, Tete), 20:44
Ndiwonjezerepo pa nambala ija. 0x8007045D imatanthauza kuti chipangizo china chalephera kuwerenga kapena kulemba. Siitchula kuti ndi chiti. Ikhoza kukhala fulashi, ndiye a Gama sanalakwe kuganiza choncho. Palinso 0x80070017 ndi 0x80070570 zomwe zimabwera mafayilo akaonongeka panjira, komanso 0x8007025D yomwe kawirikawiri imapezeka RAM ikakhala ndi vuto, ndipo imeneyo timaiyesa ndi MemTest86+. Koma apa tili ndi zinthu zitatu pamodzi: miyezi yochedwa, kuima pamalo amodzimodzi, ndi kulira. Ine ndili mbali ya a Zimba.

aGama (Zobwe), 20:47
Za kulirazo ndinazidumpha powerenga. Zoona, fulashi silira.

aJere (Moatize), 21:05
Ine ndiyankhule zosiyana pang'ono, musandinyoze. Si aliyense ali ndi ndalama ya disiki yatsopano mwezi uno. Yanga inali ndi vuto ngati limeneli. Ndinayendetsa chkdsk /r, lamulo la Windows lofufuza disiki, usiku wonse, inapeza malo oola, ndinadula patishoni kusiya chigawo choipacho chopanda kanthu, Windows n'kuiika kumapeto. Inandigwirira ntchito miyezi 11. Aphunzitsi ali ndi mayeso kutsogoloku, akufuna makina oyenda.

aZimba (Matundo, Tete), 21:14
A Jere, njira imeneyo ndimaidziwa, ndinaichitapo kwa anthu amene analibiretu pogwira. Koma funso limodzi: pa disiki yanuyo panali chinthu choti chikatayika simungachipezenso?

aJere (Moatize), 21:15
Ayi, nyimbo ndi mafilimu basi.

aZimba (Matundo, Tete), 21:22
Ndi pamene pasiyana. Komanso yanu sinkalira, eti? chkdsk /r imawerenga disiki yonse sekita ndi sekita, ikafika poola imakakamira pomwepo, ndipo imasinthanso zinthu m'kati mwa patishoni. Ng'ombe yotsimphina simuimanga pa ngolo ya matumba 10 kuti muone ngati mwendo uchira. Aphunzitsi akapulumutsa zawo, disikiyo muitenge muyendetsepo chkdsk sabata yonse, sindidzakuletsani. Lero ayi.

aJere (Moatize), 21:25
Sinkalira, n'zoona. Chabwino, dongosolo lake ndalimva. Koma mfundo yanga ya ndalama ikadalipo, tidzabwererekonso.

aNachisale (Domwe), 21:33
Ndamva zonse, zikomo. Koma a Zimba, inu muli ku Tete, makilomita oposa 200. Sabata ino sindingachoke pasukulu. Ndiitumize pa chapa (minibasi)?

aZimba (Matundo, Tete), 21:36
Ayi, msewu uigwedeza, ndipo ikhoza kuponderezedwa ndi katundu. Tifunse kaye. Alipo wa ku Ulongwe pagulu pano amene amadziwa Linux?

Tadala (Ulongwe), 21:58
Ndilipo. Ndikuphunzira za ulimi pa UniZambeze kuno ku Ulongwe. Ndili ndi fulashi ya Ventoy, muli Linux Mint, yomwe imayendetsa kompyuta popanda Windows. Kupulumutsa mafayilo sindinachitepo, koma mukamandiuza chochita ndichita. Mawa masana ndilibe kalasi.

aNachisale (Domwe), 22:01
Mulungu akudalitse mwanawe. Mawa ndili ndi kalasi m'mawa mokha, ndibwera nayo ndekha.

aZimba (Matundo, Tete), 22:04
Muikulunge m'chitenje kapena m'thaulo, ikhale pamiyendo panu, osati pa kaliyala ya njinga yamoto. Chaja musaiwale.

LACHIWIRI

Tadala (Ulongwe), 14:20
Aphunzitsi afika. Ndiyambire pati?

aZimba (Matundo, Tete), 14:26
Baya fulashi, yatsa, dina batani la menyu yosankhira poyambira. Pa HP ndi F9, pa Dell ndi Lenovo zambiri ndi F12. Sankha fulashi. Mint ikatsegula uona chizindikiro cholembedwa Install Linux Mint. Usachikhudze n'komwe. Tikugwiritsa ntchito Mint ili pa fulashi pomwepo, pa disiki sitilembapo kanthu. Tsegula pulogalamu ya Disks, sankha disiki ya 500 GB, pita pa SMART Data. Undiwerengere manambala a mzere 5, 9, 194, 197, 198 ndi 199. Batani la Self-test ulisiye.

Tadala (Ulongwe), 14:41
Mzere 5 ndi 1416. Mzere 9 akuti zaka 2 ndi miyezi 5. Pa 194 pali 44°C. Mzere 197 ndi 212, 198 ndi 37, 199 ndi 0. Ikulirabe mwa apo ndi apo.

aNachisale (Domwe), 14:43
Ndikulemba pa foni yanga, ndili pambali pa Tadala. Manambalawa akutanthauza chiyani? Musandibisire.

Chifundo (ISPT, Tete), 14:55
Sitikubisirani, aphunzitsi. Disiki iliyonse imasunga kaundula wa thanzi lake, ndiye SMART ameneyu. Mbale imagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono totchedwa masekita, ndipo fakitale imasiya ena apadera. Sekita ikaola, disiki imaitseka n'kutenga yapadera. Mzere 5 ukuwerenga zimenezo: yatseka kale 1416. Pa disiki yabwino pamakhala 0. Mzere 197 ndi masekita amene ikulephera kuwerenga panopa ndipo sinadziwe chochita nawo, 212. Amenewa ndi amene akutidetsa nkhawa, chifukwa mwina m'kati mwake muli zidutswa za mafayilo anu. Mzere 198 ndi omwe yalephereratu. Mzere 199 ukanakhala waukulu tikanati mwina ndi waya kapena polumikizira, tikanasangalala, koma uli pa 0. Vuto lili pa mbale penipeni.

Mu 2007 akatswiri a ku Google anatulutsa kafukufuku wa ma disiki oposa 100,000. Anapeza kuti disiki ikangotseka sekita yoyamba, mpata woti ife m'masiku 60 otsatira umakula kuposa ka 14 poyerekeza ndi imene sinatsekepo. Yanu yatseka zoposa chikwi. Anapezanso kuti 36% ya ma disiki amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse pa SMART. Yanu yachita bwino kuchenjeza.

aZimba (Matundo, Tete), 15:02
Chifundo wafotokoza bwino. Tsopano Tadala, mu Disks momwemo ukuona mapatishoni angati? Wamkulu wa NTFS amene sanafomatidwe ndi uti?

Tadala (Ulongwe), 15:05
Pali atatu. /dev/sda3 ndi 180 GB, NTFS, dzina lake DADOS.

aNachisale (Domwe), 15:06
Ndi imeneyo! DADOS ndi D yanga.

Chifundo (ISPT, Tete), 15:09
A Zimba, ine ndinaphunzira kuti choyamba ndi kukopa patishoni yonse ndi pulogalamu ya ddrescue, osatsegula mafoda. Kutsegula kumayendetsa kamkono uku ndi uku.

aZimba (Matundo, Tete), 15:18
Unaphunzira zoona, ndipo pa benchi langa ndimatero. Koma ddrescue ikufuna malo a 180 GB kwina, amene pakadali pano tilibe, ndipo laputopu yayaka kale. Monografia ndi ma pauta ndi tinthu tating'ono, mphindi imodzi tatuluka. Ndiye nditenga chiopsezo chimenecho mwadala. Tadala, tsegula DADOS mongowerenga, lemba chonchi:

sudo mount -o ro /dev/sda3 /mnt

Aphunzitsi akuuze dzina lenileni la foda. Osayendayenda, osatsegula mafoda a zithunzi chifukwa kompyuta iyamba kupanga tizithunzi tating'ono n'kuitopetsa. Kopa monografia, kenako ma pauta, kenako mawu aja limodzilimodzi, kupita pa fulashi ina. Fayilo ikakakamira kupitirira mphindi imodzi, imitsa, pita pa ina.

Tadala (Ulongwe), 15:47
Monografia yatuluka, yatseguka pa laputopu yanga, masamba 58. Ma pauta a trimestre (teremu) yoyamba ndi yachiwiri atuluka. Mawu: fayilo yoyamba, yachiwiri ndi yachinayi zatuluka. Yachitatu ikufika pakati n'kulemba Input/output error. Ndayesa kamodzi kokha, ndaisiya.

aZimba (Matundo, Tete), 15:49
Wachita bwino kuisiya. Zimitsa laputopu tsopano. Zimene zatulukazo zikope pa laputopu yako komanso pa foni ya aphunzitsi musanachite china chilichonse.

aNachisale (Domwe), 16:10
Abale, ndamva mawu a bambo anga. Tadala anatsegula fayilo yoyamba, akuyamba ndi kukhosomola kenako akuti "wayatsa kale?" Kumbuyo kukumveka nkhuku ndi mayi anga akupeta. Ndalira pamaso pa mwana wa eni. Zikomo nonse.

Koma pauta ya trimestre yachitatu sindikuiona. Ndakumbukira kuti ndinkaisunga pa Desktop kuti ndiziipeza msanga.

aGama (Zobwe), 16:14
Mayo. Desktop imakhala pa C, aphunzitsi. Documents ndi Downloads chimodzimodzi. Ambiri sadziwa zimenezi, amati zanga zonse zili pa D.

Chifundo (ISPT, Tete), 16:20
PhotoRec imatha kufukula mafayilo pa patishoni yofomatidwa, ngati sanalembedwepo zina pamwamba. Koma apa Windows yalembapo kanayi, ndipo PhotoRec imabweza mafayilo opanda mayina awo, zikwizikwi, muzitsegula imodziimodzi.

aZimba (Matundo, Tete), 16:24
Aphunzitsi, manotsi amenewo muli nawo pa pepala?

aNachisale (Domwe), 16:26
Ali mu caderneta onse, ndimayamba kulemba pamanja. Ana 187. Ndikhoza kulowetsanso masiku awiri kapena atatu madzulo.

aZimba (Matundo, Tete), 16:29
Ndiye C tiisiye. Mphamvu zimene disiki yatsala nazo zipite pa fayilo yachitatu ndi zithunzi. Tikufuna disiki ya kunja yokhala ndi malo opanda kanthu oposa 180 GB, kwa masiku awiri kapena atatu. Ndani ku Ulongwe?

aNaphiri (Ulongwe), 17:12
Ine ndili ndi situdiyo ya zithunzi pafupi ndi msika. Ndili nayo ya 1 TB, malo otsala ndi 400 GB. Koma muli zithunzi za maukwati a anthu zomwe sindinapereke. Sizifufutika? Ndikufunsa moona, chifukwa ndi chakudya cha ana anga.

aZimba (Matundo, Tete), 17:25
Mwafunsa bwino amayi, ndipo mantha anuwo ndi oyenera. ddrescue ukaisokoneza, kulemba kopita pamalo pa kochokera, imafufuta disiki yabwino popanda kubweza. Ndiye sitilemba pa disiki yanu mwachindunji. Tipanga fayilo imodzi yaikulu m'kati mwa foda yatsopano, pafupi ndi mafoda anu, ngati mmene mumaikira vidiyo. Zanu sizikhudzidwa. Tadala aone kaye kuti disikiyo ndi NTFS kapena exFAT, chifukwa FAT32 silola fayilo yoposa 4 GB. Ndipo asadine Enter ndisanaone chithunzi cha sikirini. Komabe ngati zithunzi za maukwatizo zili pamalo amodzi okhawo, zikopeni pa kompyuta yanu usiku uno musanabwereketse.

aNaphiri (Ulongwe), 17:31
Zili pomwepo pokha. Mwanditsegula maso. Ndikopa usiku uno, Tadala adzatenge mawa 8 koloko.

LACHITATU

Tadala (Ulongwe), 09:10
Disiki ndatenga, ndi NTFS. Ndalumikiza intaneti ya foni. Ndikulemba apt install ddrescue koma akuti palibe.

Chifundo (ISPT, Tete), 09:13
Dzina la phukusi ndi gddrescue, ndi g kutsogolo. Yamba sudo apt update, kenako sudo apt install gddrescue. Poiyendetsa ndi pamene umalemba ddrescue.

aZimba (Matundo, Tete), 09:24
DADOS usaitsegule lero. Lowa mu foda yatsopano pa disiki ya a Naphiri, tsegula terminal mmenemo, lemba:

sudo ddrescue -n /dev/sda3 dados.img mapa.log

Onetsetsanso mu Disks kuti sda ikadali ya 500 GB ija, chifukwa zilembo zimatha kusintha ukabaya zinthu zina. Ubwino wa ddrescue ndi wakuti siikakamira. Ikafika poola imadumpha, n'kuyamba yatenga zonse zosavuta. -n ikuiuza kuti ulendo woyambawu isakande malo ovutawo. mapa.log ndi kope lake, imalembamo pamene yafika. Usaliiwale, ndi limene likupulumutse zikavuta. Laputopu uikweze pa timitengo tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo tebulo lisagwedezeke. Inu a ku Angonia muli ndi mwayi wa kuzizira. Kuno Novembala kumapitirira 40°C, ntchito zoterezi ndimaziyamba usiku ndi fani pambali.

Tadala (Ulongwe), 09:31
Chithunzi cha sikirini ndatumiza ku inbox kwanu.

aZimba (Matundo, Tete), 09:32
Zili bwino. Dina.

Tadala (Ulongwe), 13:55
Inali pa 71%, mvula yayamba ndi mabingu, magetsi azima. Batire ya laputopuyi ndi yakufa, yangothima nthawi yomweyo. Ndaononga?

aMbewe (Furankungo), 13:57
Mvula ikakuona litsiro siikata, abale.

aZimba (Matundo, Tete), 14:03
Sunaononge. Chotsa chaja pakhoma mpaka mabingu atathe. Magetsi akabwera yatsanso Mint, ikanso gddrescue chifukwa pa fulashi siisungika, lowa mu foda yomweyo, lemba lamulo lomwelo osasintha chilembo. Iwerenga mapa.log n'kupitiriza pafupi ndi pamene inalekera. Kuthima mwadzidzidzi si kwabwino kwa disiki yodwala, ndiye pempherani kuti idzukenso. Ngati pali wina ali ndi UPS (batire yothandiza magetsi akazima) kapena inveta ya sola, pitani nayo kumeneko.

aNaphiri (Ulongwe), 14:09
Bwera nayo ku situdiyo, Tadala. Ndili ndi UPS.

Tadala (Ulongwe), 21:40
Inadzuka. Inalira kwambiri poyamba koma inapitiriza. Yamaliza, akuti 99.62% rescued.

aZimba (Matundo, Tete), 21:48
Ntchito yabwino. Tsopano ulendo wachiwiri, wokakanda malo ovuta. Chotsa -n, ika -d -r1, zina zonse chimodzimodzi. Isiye usiku wonse. Ikhoza kufa panjira, koma tsopano tilibe chotaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

LACHINAYI

Tadala (Ulongwe), 07:15
M'mawa uno ndapeza yafika 99.81% ndipo yaima. Disiki sikuonekanso mu Disks. Ndazimitsa n'kuyatsa, ikungolira basi, BIOS nayo sikuiona.

aZimba (Matundo, Tete), 07:22
Yapita. Inadikira mpaka titamaliza. Usaiyatsenso. Tenga disiki ya a Naphiri, ibaye pa laputopu yako, tsegula dados.img ndi sudo mount -o ro,loop dados.img /mnt ndipo ukope mafayilo kuchokera mmenemo.

aJere (Moatize), 07:30
Ndawerenga izi ndili pa basi ya kuntchito. Akanatsata za chkdsk zanga zija Lolemba usiku, bwenzi itafera pomwepo. Aphunzitsi mundikhululukire.

aNachisale (Domwe), 07:41
Palibe chokhululuka a Jere, munkafuna kundithandiza. Ndipo za ndalama munanena zija ndi zoona, ndi zimene zikundidikira tsopano.

Tadala (Ulongwe), 10:05
Zithunzi zatuluka pafupifupi zonse, 9 zokha zikutseguka theka, pansi pake mpotuwa. Fayilo yachitatu ya mawu yakopeka. Ndi ya mphindi 26. Ndaimvera pa VLC: ikuyenda bwino mpaka mphindi 11, kenako ikudumpha pafupifupi masekondi 40, n'kupitiriza mpaka kumapeto.

aJere (Moatize), 10:30
Tsopano tikambe za disiki ina. Pa msika pamapezeka ma disiki a laputopu ochotsedwa m'makina akale, otchipa kwambiri.

aZimba (Matundo, Tete), 10:52
Amapezeka, ndipo ena ndi abwino. Koma osagula osayesa. Muuzeni wogulitsa aibaye, mutsegule CrystalDiskInfo pamaso pake. Ikalemba Caution ndi mtundu wachikasu, isiyeni ngakhale atatsitsa mtengo. Muonenso maola amene yagwira ntchito. Wokana kuyesa, musamupatse ndalama.

Koma kwa aphunzitsi ine ndikuti SSD ya SATA, ya 2.5 inchi, 240 kapena 256 GB. Imalowa pamalo pomwepo, ndi masikuluwu omwewo. Ilibe mbale kapena kamkono, ndiye kugwedezeka kwa njinga yamoto pa msewu wa ku Domwe sikuipweteka, ndipo laputopu yakaleyo idzayaka m'masekondi ochepa. Chinthu chimodzi muchidziwe: SSD silira ikamafa. Nthawi zina imangosowa tsiku limodzi popanda chenjezo. Ndiye mawu a bambo anu asadzakhalenso pamalo amodzi.

aGama (Zobwe), 11:03
Chenjeraninso ndi zachinyengo. Pali mafulashi ndi ma SSD olembedwa 1 TB kapena 2 TB pa mtengo wa sopo, m'kati muli kochepa. Amalandira mafayilo ngati zili bwino, ukadzatsegula n'kupeza oonongeka. H2testw pa Windows kapena f3 pa Linux imaulula. Kwa inu a ku Angonia nthawi zina Dedza ndi Lilongwe kudzera pa Calómuè n'kufupi kuposa Tete, koma muwerengere kusintha kwa ndalama ndi chitsimikizo, chifukwa ikavuta kubweza n'kuwolokanso malire.

aZimba (Matundo, Tete), 11:10
Ndili nayo ya 256 GB yatsopano. Mtengo tikambirana ku inbox, mulipira pa M-Pesa kapena e-Mola malipiro akatuluka. SSD ndingaitumize pa chapa popanda mantha. Ndiyendetsa kaye mayeso kuno isananyamuke.

Chifundo (ISPT, Tete), 11:26
Funso lina ndi loti tiikepo chiyani. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Imagwirabe ntchito, koma zigamba zachitetezo zaulere za masiku onse zinatha. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndipo pa mapurosesa a Intel imayambira m'badwo wa 8. Tadala, purosesa ndi yanji?

Tadala (Ulongwe), 11:28
Core i3 ya m'badwo wa 4, RAM 4 GB.

Chifundo (ISPT, Tete), 11:33
Ndiye Windows 11 siilandira mwalamulo lake. Ine ndikanaika Linux Mint Xfce. Ndi yopepuka, ndipo masiku atatu apitawa yaonetsa kuti laputopuyi ikuyenda nayo bwino. LibreOffice imatsegula mafayilo a Excel ndi Word.

aNachisale (Domwe), 12:15
Apa ndiyankhule ine. Ma pauta timalandira kusukulu ndi a Excel okhala ndi mafomula, ndipo monografia ikuyenera kufika kwa ondiyang'anira mizere ndi masamba zili mmene akufunira. Ndatsala ndi milungu itatu. Si nthawi yoti ndiyambe kuphunzira zachilendo. Ndikufuna Windows 10 yomwe ndikuidziwa mpaka Disembala. Tchuthi chikayamba, Tadala adzandiphunzitse Mint modekha, ndidzasankha nditaiona.

Chifundo (ISPT, Tete), 12:19
Ndamva aphunzitsi, ndipo mwaganiza bwino. Pofika nthawi imeneyo samalani ndi mafulashi a anthu, ndi amene amayendetsa mavairasi m'masukulu.

aZimba (Matundo, Tete), 12:27
Tadala, poika: chotsa chaja ndi batire, tulutsa disiki yakale, samutsa kachitsulo kake kupita pa SSD. Disiki ya a Naphiri isakhale yobayidwa pamene ukuika Windows, ndaonapo anthu akufomata disiki yolakwika pa sikirini yosankhira ija. Fulashi ya mnyamata uja usaigwiritse ntchito, konza ina ndi ISO yochokera ku Microsoft. Ikadzaimanso panjira ndi SSD yatsopano, pamenepo tidzayesa RAM. Disiki yakufayo aphunzitsi aisunge m'kabati, asaitaye pa dzala, muli mayina ndi manotsi a ana a anthu.

LOWERUKA

Tadala (Ulongwe), 11:50
SSD inafika dzulo madzulo. Windows yadutsa 37% osaima, yonse yatha mphindi 14. Mafayilo abwerera pa laputopu. A Naphiri, disiki yanu ndibweretsa masana. dados.img ndifufute?

aZimba (Matundo, Tete), 11:54
Ngati a Naphiri angalole, ikhale sabata ina imodzi, aphunzitsi aone kaye ngati palibe chomwe chasowa.

aNaphiri (Ulongwe), 11:58
Ikhale. Ukwati wina ndili nawo kumapeto kwa mwezi.

aNachisale (Domwe), 13:20
Mawu aja tsopano ali pa laputopu, pa foni, pa fulashi, ndipo ndatumiza kwa achimwene anga ku Beira ndi kwa mng'ono wanga ku Lilongwe. Ndamvera fayilo yachitatu katatu. Pamene ikudumphapo bambo anali atangoyamba kutchula mayina a ana a agogo awo aakazi. Akutchula awiri, mawu n'kuduka, akamabwerera ali kale pa nkhani ya njala. Anali asanu ndi awiri. Amene angawadziwe onse ndi azakhali anga a ku Lizulu, ali ndi zaka zoposa 80 ndipo akumva bwinobwino. Ndapita kale kukagula shuga ndi sopo, mawa m'mawa ndinyamuka. Tadala, pa foni pano ndi pulogalamu iti yojambulira mawu imene siidula ikafika mphindi 30?

Tadala (Ulongwe), 13:24
Dutsirani kuno popita, ndikuikireni. Mubwere ndi fulashi ija.